Tikambilane: kukalipila ma student mu wodi, ndi kutopa kwa ife tomwe

Tyuta Mwale: Mwachoma bwanji nonse. Ndili ndi nkhani ikundivuta, ndaona kuti pano pali ma inichaji, ma CO (ma clinical officer), azamba ndi ma student omwe ndiye bola ndifunse pompano. Ana athu tikawatumiza ku mawodi akumabwelako atasintha. Ena safunanso kumva za leba, ena akujomba ma naiti, wina walongeza katundu wabwelela kumudzi pomwe makolo anagulitsa kale ng'ombe kuti alipile fizi. Ukakhala nao pansi nkhani ndi imodzi, kukalipilidwa pamaso pa odwala, komanso munthu akamwalila m'manja mwao palibe owafunsa kuti uli bwanji. Sinditchula sukulu kapena chipatala, nanunso musatchule chonde. Kodi ana a masiku ano ndi ofooka kapena vuto lili ndi ife?

Amai Zulu opuma: A Mwale ine ndikamba cilungamo ngakhale mudzandida. Ife tinaphunzila nthawi ya UNIP, matron akalowa mu wodi aliyense anali kuimilila, kapu ikapendama pang'ono unali kubwezedwa ku hostel. Tinapilila ndipo tinakhala manesi. Nchito iyi si ya munthu wofuna kunyengeleledwa. Mwana aiwale kupima BP ya mzimai wodwala, ndimuuze momwetulila?

Chikondi RN: Amai Zulu ulemu wanu, koma kuuza munthu kuti walakwa ndi kumuchititsa manyazi ndi zinthu zosiyana. Mungamuitanile ku duty room mukambe naye mwamphamvu momwe mufunila palibe angakane. Koma kumunena kuti chitsilu unakhoza bwanji grade 12, odwala ndi owadikilila onse akumvetsela, mawa mwana uja akabwela ndi jekiseni wodwala amakana ati ndifuna nesi weniweni osati uyu

Student Y2: Zikomo a Chikondi mwatikambila. Ine ndimaopa kulemba pano chifukwa ena mwa inu mumatisainila mabuku kkkk. Koma ndikambe chimodzi chabe. Mashini a BP akatha mabatile, kapena student sanamve bwino ndi stethoscope, anzathu ena amangolemba 120/80 pa chati chifukwa kupita kukafunsa a Sister ndi kukatenga matukwana. Onse tikudziwa zimachitika. Nde amene akuvutika pamenepo si ife, ndi wodwala uja

Amai Zulu opuma: Ameneyo ndi wofunika kucotsedwa sukulu. Kunama pa cati ndi kupha.

Masauso COP (clinical officer wa matenda a maganizo): Mwachoma bwanji akuluakulu. Amai Zulu mukunena zoona kuti kunama pa chati kungaphe, koma tiyeni tione chomwe chikumupangitsa. Mukachotsa uyo mmodzi mantha aja atsala mu wodi ndipo wotsatila azachita chimodzimodzi mobisa kwambili. Kuli mai wina wa ku Harvard, Amy Edmondson, anafufuza magulu a manesi m'zipatala za ku America m'ma 1990. Iye anali kuyembekeza kuti mawodi oyenda bwino azakhala ndi malipoti ochepa a kulakwitsa mankhwala, koma anapeza kuti ndi omwe anali ndi malipoti ambili. Atayang'anitsitsa anaona kuti kumeneko anthu anali omasuka kuulula, pomwe mawodi a inichaji waukali anali chete, zolakwa zikubisidwa. Nde a inichaji mukaona incident book yanu, buku lolembamo zolakwika, ili mbee chaka chonse musasangalale msanga.

CO Tembo: kkkkk incident book yathu inadyedwa ndi chiswe

Naphiri mzamba: Ine mwandikhudza pa chilonda a Masauso. Tiyeni tikambe za MPDSR, miting'i younika imfa za azimai apakati ndi makanda. Pa pepala ati no name no blame, tikumana kuti tione pomwe dongosolo linaduka mzimai kapena khanda likamwalila. Koma kambani zoona azamba anzanga, ndani amapita ku miting'i imeneyo mtima uli m'malo? Ukhala kutsogolo ngati uli pa khoti, patogilafu yako, chati cholembapo momwe leba ikuyendela, aionetsa pa khoma, aliyense akudziwa kalembedwe kako ngakhale dzina aphimba. Funso loyamba ndi lakuti ndani anali pa duty. Safunsa kuti ambulansi inafika nthawi yanji kuchokela pomwe tinaimba, safunsa kuti magazi analipo mu fuliji kapena iyayi, safunsa kuti unali wekha ndi azimai angati usiku umenewo ndiponso malaiti anali atapita ukusoka ndi tochi ya foni. Mzimai anachedwa kunyumba, anabwela pa ngolo atataya kale magazi, koma mawa lake iwe ndiwe ulemba exculpatory, kalata yodziyankhila mlandu. Ndipo chomwe chimandiwawa kwambili, munthu uja wamwalila ndamusambitsa, ndauza apongozi ake ndi amuna ake akulila pakhomo, pasanathe ndi ola lomwe wina ali fully, wafika pobeleka, ndiyenela kumwetulila kuti kankhani mama. Kufika kunyumba mwana wanga akuti amama nsima, ine m'mutu mukungobwela nkhope ija. Tulo osabwela. Palibe ngakhale mmodzi wa akuluakulu anandifunsapo kuti Naphiri wagona bwanji.

Chikondi RN: Pepani amama. Ndawelenga mpaka misozi

Dalitso wa ku lab: Ndipo zotsatila zake timaziona, anthu amayamba kulefa chilichonse. Mzimai ongofunika kudikila pang'ono amuthamangitsila ku chipatala chachikulu kuti akafele kwina osati pa ine. Uko nako adzaza mpaka pansi

Naphiri mzamba: Ndendende a Dalitso. Ndipo ena amakonza patogilafu pambuyo kuti ioneke bwino. Nde miting'i ikukambilana pepala labodza, tiphunzilapo chani?

Masauso COP: Zomwe a Naphiri akamba za nkhope kubwelabwela ndi kusowa tulo zimachitika kwa anthu ambili pambuyo pa chinthu choopsa, ndipo kwa ambili zimazilala pakapita masabata ochepa ngati ali ndi okamba nao ndipo apumulako. Zikapitilila mwezi, ukuyamba kuzemba bedi lomwe zinachitikila, mtima kugunda ukamva ambulansi, kukwiya ndi tinthu tating'ono, pamenepo bwelani tionane musadikile. Kutopa kuja timati burnout ndi kwina. WHO mu 2019 inakulemba mu ICD-11, buku lake la mndandanda wa matenda, ngati vuto lochokela ku nchito, osati matenda. Zizindikilo zake ndi zitatu, mphamvu kuthelatu, kuyamba kuuma mtima ndi kuipidwa ndi nchito, ndi kuona kuti palibe chomwe ukukwanitsa. Chachiwilicho ndiye chomwe anthu amatinenela pa wailesi kuti manesi ndi amwano. Sindikuikila kumbuyo mwano iyayi, alipo ena ndi khalidwe lao chabe, koma nesi amene anayamba nchito ali wachifundo nkufika poyankha gogo kuti simunafe khalani pa laini, china chake chinamuchitikila panjila. Ndipo Sister yemweyo ndi amene tikumupatsa ma student kuti awaphunzitse.

CO Tembo: A Masauso ine ndili ndi funso. Ndili pa rural health centre, sinditchula kuti kuti koma mvula ikagwa mlatho umadzaza sitituluka. Nyumba yanga ili kuseli kwa kiliniki. OPD ya odwala oyendela ndine, ART ya ma ARV ndine, under five ndithandizeko, malipoti a pamwezi ndine, usiku mlonda agogoda pa windo ati adokotala kwabwela wolumidwa ndi njoka. Ngakhale tsiku la ofu anthu amabwela pakhomo, ungawabweze bwanji ndi anthu omwe upemphela nao. Boma la Zambia linalemba anchito a zaumoyo 11,276 mu 2022 ndipo tinalandilako nesi mmodzi tinayamika ngako, koma anthu nawonso akuchuluka. Manje mukandiuza kuti ndizipuma mozama ndi kuchita ma exercise, zili ngati kupatsa ng'ombe Panado ngolo osaitsitsa matumba. Ine chomwe ndifuna ndi munthu wondisinthako ndipite pa livi

Masauso COP: Palibe chomwe ndingatsutse pamenepo a Tembo. Ngakhale malangizo a WHO a 2022 a umoyo wa maganizo pa nchito amaika patsogolo kukonza nchitoyo, kuchuluka kwake, maola, khalidwe la mabwana, ndi kuphunzitsa ma manejala kuzindikila munthu amene wavutika. Zophunzitsa munthu kudzitonthoza zimabwela ngati zoonjezela. Kuno timayambila kumapeto chifukwa wekishopu ya tsiku limodzi ku lodge ndi yosavuta kupanga kusiyana ndi kukonza rosita

Dalitso wa ku lab: ndipo ku wekishopu amapita ndi omwe sagwila naiti kkkk

Bambo Lungu HR: Ndakhala ndikuwelenga mwakachetechete, tsopano mwafika kwathu. Employment Code Act ya 2019 imanena kuti olemba nchito akhale ndi policy ya umoyo wa anchito, policy ya harassment, ndi njila yopelekela madandaulo. Nde si chifundo cha bwana, ndi lamulo. Mother's Day nayo ilimo, tsiku limodzi lopuma pamwezi kwa mzimai popanda kufunsidwa chikalata cha dokotala. Vuto lomwe ndimaona ine ndi lakuti anthu salemba. Mumadandaula pa WhatsApp ndi ku tea room, koma ku ofesi file ili yoyela. A Tembo lembani fomu ya livi, sungani kope yodindidwa, akakana akane polemba. Mukatopa nkulakwitsa, pepala limenelo ndi lomwe lizakuombolani.

Chikondi RN: A Lungu zimenezo ndi za omwe ali pa payroll. Ife ma volunteer? Tikugwila naiti chimodzimodzi, osalandila kanthu, transport tikupempha kwa makolo, ndipo sungadandaule chifukwa ukuyembekeza kuti inichaji akakukumbukile recruitment ikabwela. Ma student nawonso alibe man number, namba ya pa payroll. Nde anthu omwe amakalipilidwa kwambili ndi omwe alibe kopita

Student Y2: Ndipo pali nkhani ina sindinafune kuikamba koma poti mwayamba. Si kukalipila chabe. Kuli ena akuluakulu aamuna, buku lako la ma procedure sasaina mpaka uwapatse namba, kenako mameseji usiku ati bwela ku call room tikambilane za assessment yako. Ukakana uzaona malipoti oti ndiwe waulesi. Atsikana ambili amangokhala chete kuti amalize

Naphiri mzamba: Mayo ine. Mwana wanga usafufute mameseji amenewo, jambula usunge

Tyuta Mwale: Izi ndiye zandiimitsa mutu. Mwana wanga usatchule dzina pano, ndipeze ku inbox kapena upite kwa tyuta wamkazi amene umamukhulupilila. Sizifunika kuti upilile zimenezo kuti ukhoze

Bambo Lungu HR: Imeneyo ndi mlandu, si nkhani yokambilana m'khonde. Kupatula kusukulu ndi ku management, nesi kapena mzamba amayankha ku Nursing and Midwifery Council, dokotala ndi CO amayankha ku HPCZ (Health Professions Council of Zambia), ndipo ku polisi kuli Victim Support Unit. Koma ndivomeleze mfundo ya a Chikondi, mwana sangapite yekha kukanenela munthu amene akumusainila buku. Sukulu ndi yomwe iyenela kumuimilila, ndi kumusamutsa wodi tsiku lomwelo popanda kumudula ma hours

Tisa ku UK: Moni kumudzi, ndangotuluka mu shifiti ndapeza mameseji mulu. Kuno ku NHS, zipatala za boma za ku UK, kuli munthu amamutcha Freedom to Speak Up Guardian, nchito yake ndi kulandila nkhawa za anchito ndi ma student omwe, ndipo sali pansi pa manejala wa wodi yako. Zinayamba pambuyo pa nkhani ya chipatala cha Mid Staffordshire komwe odwala anavutika kwa zaka anchito akuopa kukamba, Robert Francis ndi amene anafufuza. Musaganize kuti kuno ndi kumwamba, kupezelela kulipo, ife akuda timakuona bwino, anthu akusiya nchito ndi kutopa komweko. Koma kungodziwa kuti kuli khomo lina logogoda osati la munthu yemwe wakulakwila zimathandiza. Kwathu sizifuna ndalama zambili, Sister mmodzi wolemekezeka pa distrikiti, ngakhale opuma ngati Amai Zulu

CO Tembo: Kwathu kuno guardian azakhala mlonda, tilipo atatu chabe kkkk

Amai Zulu opuma: Tisa mwana wanga wandiseketsa, ine amene mwandipanga mfiti pano ndikhale guardian? Koma ndamvetsela zonse. Za mwana uyo wa mameseji zandinyansa, nthawi yathu munthu wotele matron anali kumuthamangitsa yekha. Ndipo pali cinthu cimodzi ana inu simudziwa. Matron yemwe uja waukali, wodwala akamwalila uli student, anali kukutenga yekha kukuonetsa last offices, kusambitsa ndi kukonza mtembo, pang'onopang'ono, pambuyo pake akupangila tiyi mu ofesi mwake, akufunsa kwanu ndi kuti, nkukuuza pita ukagone ubwele mawa. Dokotala akafuna kukukalipila iye anali kuima pakati, ati uyu ndi wanga kambani ndi ine. Ukali unalipo koma unali kudziwa kuti uli ndi mwini. Comwe ndikuona tsopano ukali munatengela, tiyi uja munasiya. Ndipo nthawi yathu tinali ocepa mu kalasi, Sister anali kudziwa dzina la aliyense. Lelo masukulu a unesi ali paliponse, wodi imodzi ma student ocokela masukulu osiyanasiyana kuposa odwala, Sister mmodzi awadziwa bwanji? Pa BP yabodza sindisintha maganizo.

Tyuta Mwale: Apo pa kuchuluka mwalasa Amai. Ifenso ma tyuta timawatula pa geti Lolemba nkukawaonanso tsiku la assessment, clinical instructor mmodzi mawodi onse

Mbusa Sakala chaplain: Ndilowelepo pang'ono. Ine ndimayenda m'mawodi kupemphelela odwala koma manesi amene amandikokela pambali kuti abusa ndipempheleleni ndi ambili ngako. Pemphelo ndimapeleka ndi mtima wonse. Koma wina akandiuza kuti sakugona, akumwa kuti agone, kapena akuganiza zodzipha, ndimamutenga ndekha kupita naye kwa anzathu a mental. Tisamauze munthu wodwala kuti chikhulupililo chako chachepa.

Dalitso wa ku lab: Vuto abusa ndi lakuti ku mental unit kuli anzathu omwe timadya nao. Ukangokhala pa benchi paja nkhani yafika kale ku pharmacy kuti uja wayamba kuzungulila mutu. File yako azaitenga ndi a records omwe mumakhala nao komboni imodzi. Ndipo tokha timaseka, munthu akakwiya pang'ono ati uyu ngwa ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo ku Lusaka. Ndani angapite?

Masauso COP: Imeneyi ndi yoona ndipo imatipweteka. Ine ndinaphunzila ku Chainama komweko ndipo nthabwala imeneyo ndinaimva mpaka kutopa, ngakhale achibale amati ukagwila ndi amisala nawenso uzapenga. Lamulo lakale la 1949 linali kutcha odwala maina achipongwe ngati idiot ndi imbecile, linachotsedwa ndi Mental Health Act ya 2019 yomwe imakamba za ufulu ndi chinsinsi cha wodwala, koma pakamwa pathu lamulo lakale likadalipo. Kwa staff ine ndimachita chonchi, sindikuonela pa laini, timapangana nthawi ina ndi malo ena, ndipo notes sizipita ku records wamba. Amene safuna nkhope yodziwika angaimbe 933 ya Lifeline, ndi yaulele. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, mnzanu akayamba kukamba zoti bola kufa, kugawa katundu wake, kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizo amenewo. Musamusiye yekha, ndipo kumbukilani kuti ife tili pafupi ndi kabati ya mankhwala kuposa anthu ena onse, makiyi a DDA, kabati ya mankhwala oopsa, asakhale ndi munthu amene ali mu mkhalidwe umenewo.

Chikondi RN: Ndipo tisaiwale ngongole. Anthu payslip yatha ndi ma loan, otsala akupita kwa akaloba, ena ma betting pa foni usiku onse pa naiti. Munthu wotele ukamulakwila pang'ono amaphulika

Bambo Lungu HR: Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina a Chikondi, tikaiyamba sitigona

Naphiri mzamba: Ine ndikufuna tichoke pano ndi kanthu kogwilika. Kwathu ndikakamba ndi anzanga kuti imfa ikachitika, tisanabalalike pa handover tikhale pansi mphindi khumi, azamba, student, ndi amai okolopa omwe chifukwa naonso amaona zonse ndipo ndi omwe amapukuta magazi. Osalemba maminitsi, osafunsa ndani analakwa, zimenezo zidikile MPDSR. Kungofunsana kuti zinayenda bwanji, uli bwanji, ufika bwanji kunyumba

Masauso COP: Ndi bwino, koma osakakamiza munthu kufotokoza zomwe waona ngati safuna, ena zimawaonjezela ululu. Akhale nao chabe, ndipo mumuonenso pakapita masiku angapo. Ndipo MPDSR ikamayamba wapampando ayambe ndi nthawi, mafoni, mafuta a ambulansi, magazi, anthu anali angati pa duty, dzina la mzamba lisamveke

CO Tembo: Nanga ife a kutchile handover timapanga ndi ndani? Ine ndimadzipatsa ndekha lipoti

Tisa ku UK: A Tembo pezani CO mnzanu wa kiliniki yoyandikana muziimbilana tsiku limodzi pa sabata, osati za malipoti

CO Tembo: Network mpaka ndikwele pa chulu koma ndiyesa. A Lungu fomu ya livi ndilemba mawa, mukaiona pa desiki panu musati simundidziwa

Bambo Lungu HR: Bweletsani makope awili. Koma wokusinthani ndi nkhani ya a DHD, mkulu wa zaumoyo pa distrikiti, osati ine

Tyuta Mwale: Ine ku miting'i ya ma tyuta ndikapempha kuti buku la student lisamasainidwe ndi munthu mmodzi yekha, ndipo gulu lililonse likhale ndi tyuta amene ana ali ndi namba yake. Ma inichaji muli pano mwangokhala chete, tikabwela kuzakamba za kukalipila mu wodi muzatilandila?

Sister Banda inichaji: Tizakulandilani a Mwale, koma mubwele ndi clinical instructor wanu azikhala mu wodi, ndipo mutitumizile ana ochepa pa shifiti imodzi. Sabata ino ndili ndi manesi awili pa naiti, mmodzi ali ndi pakati